Mankhwala Amoyo ndi Nthaka Yobwereka

Munthu akachoka pakati pa mzinda wa Harare kulowera kum'mawa, mu msewu wa ku Mutare, chimene amaona akafika ku Msasa ndi mipanda ya mafakitale, magalaja ndi malole atandondozana. Kumeneko n'kumene kuli fakitale ya Zimphos, imene imagaya miyala yochokera ku mgodi wa Dorowa n'kupanga feteleza. Koma kuseri kwa mipandayo kuli ulimi umene wapagalimoto sauona. M'madambo otsetserekera ku mtsinje wa Mukuvisi, umene umayambira ku damu la Cleveland, ndiponso njira yonse yopita ku Epworth, ku Mabvuku ndi ku Tafara, paliponse pamene patsala malo opanda nyumba khasu lafikapo. M'dzinja mumakhala chimanga ndi mbatata. Mvula ikatha mumalowa repu, kovo, mpiru, anyezi ndi matimati. Pakati pa olima m'timadimba timeneti pali ana ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, ku Chipata ndi ku Tete kudzafuna ntchito, osabwereranso, amene timawatcha matchona.

Mukawafunsa amayi a m'madimbamo kuti, "Amayi, mbewu zikuyenda bwanji chaka chino?" kawirikawiri yankho lake ndi limodzi: "Mwanangu, nthaka ino yadwala." Akatero sakunena za njala ya feteleza ayi. Akunena za nazale imene inamera bwinobwino, koma m'mawa wina anapeza mbande zagona pansi, zitaola pakhosi pamene tsinde likumana ndi dothi. Akunena za matimati amene anakula mosiririka mpaka kuchita maluwa, kenaka masamba a m'munsi anayamba chikasu mbali imodzi, mtengo wonse n'kufota ngakhale ankauthirira m'mawa ndi madzulo. Amayiwa sakulakwitsa. Nthaka imadwaladi, ndipo funso limene landikhalitsa pansi ndi lakuti: chinthu chodzaza ndi moyo chonchi chikadwala, chimachira bwanji?

Matenda amenewa sabwera ndi mphepo monga amachitira ena a pamasamba. Amakhala pansi n'kumadikira. Oyambitsa ake ambiri ndi nkhungu zosaoneka ndi maso, zimene alangizi amazitcha mafangasi. Pythium imakonda dothi lonyowa kwambiri, ndipo timbewu take timasambira m'madzi a m'dothi kufunafuna mizu yanthete. Rhizoctonia solani imaluma tsinde cham'munsi, ndipo pa fodya imasiya chilonda chakuda chimene chimachititsa kuti mtengo uthyoke mphepo ikawomba. Fusarium oxysporum imalowera ku mizu, n'kukwera m'misempha yodutsa madzi mpaka kuitseka, motero mbewu imafa ndi ludzu mizu yake ili m'chinyezi. Chakudya chikasowa, nkhungu zoterezi zimapanga timbewu tachikopa cholimba timene timatha kugona m'nthaka zaka zambirimbiri. Mtundu wina wa Fusarium ndi umene unathetsa minda ya nthochi za Gros Michel ku Central America m'zaka za m'ma 1950, ndipo mtundu wake watsopano wotchedwa TR4 unapezeka mu 2013 m'chigawo cha Nampula ku Mozambique. Munda umene walowa mdani ameneyu subwezeretsedwa nthochi zomwezo kwa nthawi yaitali kwambiri.

Mlimi wa m'dimba akaona mbewu zikufota amathamangira chimene akuchidziwa. Amagula Dithane kapena kopa, amasungunula, amapopera masamba mpaka kuyera. Ndalama yapita, thukuta lagwa, koma mankhwala ali kumwamba, mdani ali ku mizu. Kuyambira kale, amene anazindikira kuti vuto lili pansi ankaganiza chimodzi: tiphe zonse za m'dothimo, tiyambirenso.

Makolo athu ankapha ndi moto. Mpaka lero ku Kasungu, ku Mchinji ndi ku Dowa mlimi wa fodya amaunjika mapesi ndi zinyalala pa bedi la nazale n'kuyatsa, kuti dothi la pamwamba lipse pamodzi ndi zonse zili m'menemo. M'mafamu akuluakulu a fodya a ku Mashonaland ankapha ndi mpweya wotchedwa methyl bromide. Ankafunditsa bedi ndi pulasitiki, kukwirira m'mphepete monse, n'kuboola chitini cha mpweyawo m'kati. Pakatha masiku owerengeka, nkhungu, nyongolotsi za m'mizu ndi njere za udzu zinkakhala zitatha psiti. Manja ambiri amene ankagwira ntchito za m'mafamu amenewa anali a anthu a kwathu, amene anabwera kudzera ku bungwe lolemba antchito la Mthandizi kapena pa malole a Ulere, ena wapansi kudutsa ku Tete n'kuwoloka Zambezi. Agogo a ena mwa olima ku Msasa lero ndi amene ankakwirira mapulasitikiwo.

Mu 1987 mayiko anasainirana pangano la Montreal loteteza ozone, mpweya wa kumwamba umene umatchinga cheza choopsa cha dzuwa, ndipo mu 1992 methyl bromide inalembedwa pakati pa mankhwala oyenera kusiyidwa. Mayiko olemera anapatsidwa malire a chaka cha 2005, ndipo mayiko monga Zimbabwe, Malawi ndi Zambia anapatsidwa 2015. Alimi ena a fodya anayamba kufesa m'mathireyi oyandama pamadzi. Koma ngakhale panganolo lisanabwere, akatswiri a nthaka anali ataona kale vuto lina la kupha zonse. Nyumba imene eni ake asamuka sikhala yopanda kanthu nthawi yaitali: mumalowa mileme, njoka ndi akuba, chifukwa palibe wotsokomola m'katimo. Dothi lophedwa limateronso. Nkhungu yoipa ikabwerera, kaya pa khasu, pa nsapato kapena m'madzi othirira, imapeza palibe wolimbana naye, ndipo imatha kufalikira msanga kuposa m'dothi limene silinakhudzidwe.

Panali chinthu chinanso chimene chinkadabwitsa ofufuza. M'minda ina nkhungu yoyambitsa matenda imapezeka ndithu, koma mbewu sizidwala kwenikweni. Ku Châteaurenard, kumwera kwa France, alimi ankalima mavwende a mtundu wawo zaka ndi zaka pamalo amodzi popanda kuvutika kwambiri ndi Fusarium. Ofufuza atatenga dothi lotere n'kuliphika ndi nthunzi, chitetezocho chinatha. Atatapako pang'ono losaphika n'kusakaniza ndi dothi lodwalitsa, chitetezo chinasamukira komweko. Apa n'pamene zinaonekera poyera kuti chimene chinkateteza mbewu sichinali mchere wina wa m'dothi, koma zamoyo zokhalamo. Nthaka yathanzi si imene mulibe mdani. Ndi imene muli anthu ake okwanira, moti mdani akusowa pokhala.

Mmodzi mwa okhala m'nthaka amenewa ndi Trichoderma, nkhungu yobiriwira imene imapezeka pa zitsa zoola ndi m'dothi pafupifupi dziko lonse lapansi. Mu 1932 katswiri wina ku America, Richard Weindling, analemba kuti anaiona ikudya nkhungu zinzake, kuphatikizapo Rhizoctonia. Nkhani imeneyi sinathere kutali. Kumwera kwa Harare, pafupi ndi bwalo la ndege, kuli Kutsaga, malo a kafukufuku a bungwe la Tobacco Research Board limene linakhazikitsidwa mu 1950. Kumeneko ofufuza analimbana kwa zaka zambiri ndi chilonda cha patsinde la fodya, ndipo anasankha mtundu wa Trichoderma harzianum umene anautcha T77 kuti uziikidwa m'nazale. Mlimi wa ku Msasa akamva za mankhwala amoyo otere asaganize kuti ndi nzeru za kunja zokha. Zina mwa izo zinayesedwa m'dothi la mumzinda wake womwe.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosangalatsa kukalingalira. Trichoderma ikafika pa muzu wanthete imamera mofulumira n'kuukuta, n'kumadya timadzi totsekemera timene muzu umatulutsa, motero mdani akafika amapeza malo ndi chakudya zili ndi mwini. Ikakumana ndi ulusi wa nkhungu yoipa imauzengereza, n'kutulutsa timadzi tosungunula khungu lake, n'kuyamwa za m'kati. Imatulutsanso mankhwala ena ofooketsa anzake. Chodabwitsa kuposa zonse n'chakuti mbewu yokha ikamva kuti pa mizu pake pali mlendo ameneyu imadzutsa chitetezo chake, ndipo matenda akabwera amaipeza ili maso. Mabakiteriya ena, monga Bacillus subtilis, amagwira ntchito yofananako, ndipo nawonso amagulitsidwa m'mapaketi ndi m'mabotolo.

Tsono funso la mlimi ndi lachindunji: kodi zimathandizadi? Yankho loona lili ndi mbali ziwiri, ndipo wobisa mbali imodzi akulakwira mlimi. Mu nazale, m'mathireyi ndi m'nyumba zolimiramo mbewu, momwe dothi ndi lochepa ndipo chinyezi chili m'manja mwa munthu, mankhwala amoyo amachepetsa ndithu kuola kwa mbande, ndipo mizu imatuluka yambiri ndi yolimba. M'munda wapanja nkhani imasintha. Chaka china amathandiza moonekeratu, chaka china phindu lake ndi lochepa. Munda uno alimba, munda woyandikana nawo alephera. Chifukwa chake si chinsinsi. Chimene mwathiracho ndi chamoyo, ndipo chamoyo chimafuna chinyezi, mthunzi ndi chakudya. M'dothi la mchenga lochokera ku miyala ngati ya ku Epworth, lopanda manyowa, dzuwa la mu Okutobala likawotcha pamwamba, nkhungu yabwinoyo imafa isanakhazikike. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi imakula pang'onopang'ono. Ndipo kulikonse kumene yaikidwa imapeza eni dothi akale amene sailandira ndi manja awiri.

Chinanso n'chakuti mankhwala amoyo sachiza. Matimati amene misempha yake yatsekeka kale sadzuka, ngakhale muthire paketi yonse. Ntchito yawo ndi kufika pa muzu mdani asanafike: pa njere isanafesedwe, m'dothi la nazale, pa mizu ya mbande tsiku lowokera. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo pano mawuwo akunena zenizeni za mbewu. Komanso amachepetsa matenda, sawathetsa. M'dothi limene mwalimidwa matimati chaka ndi chaka mpaka timbewu ta Fusarium tadzaza, mlonda mmodzi sangatseke zitseko zonse. Ofufuza a ku Kutsaga omwe anaziona zimenezi. Lipoti la J. S. Cole ndi Z. Zvenyika la mu 1988 linali lonena za kuphatikiza Trichoderma harzianum ndi mankhwala otchedwa triadimenol polimbana ndi Rhizoctonia ndi Fusarium pa mbande za fodya. Amene anaidziwa bwino nkhungu imeneyi sanaisenzetse katundu yense yokha.

Nthawi zina mankhwala amoyo amanyozedwa pa mlandu umene si wawo, chifukwa mlimi walimbana ndi mdani wolakwika. Si kufota konse kumene kumachokera ku nkhungu. Pali kufota kwa mabakiteriya, kumene kumagwetsa matimati ndi mbatatesi masamba akadali obiriwira. Kukuzindikira n'kosavuta: dulani tsinde cham'munsi, muliviike m'tambula ya madzi oyera osaligwedeza, ndipo mukaona timaulusi toyera ngati mkaka tikutsika kuchokera podulapo, dziwani kuti ndi mabakiteriya. Pali nyongolotsi za m'mizu, zimene zimatupitsa mizu n'kusiya timfundo, n'kutsegulira njira nkhungu. Pali madzi ongodikha m'dambo, amene amatsamwitsa mizu ngakhale popanda matenda. Ndiye palinso paketi yakufa. Ufa umene wakhala padzuwa pa benchi ya wogulitsa, kapena watenthedwa m'galimoto tsiku lonse, kapena wapitirira tsiku lake, ndi ufa chabe. Kuusungunula m'madzi onunkha klorini, kapena kuusakaniza ndi mankhwala ena opha nkhungu m'sipuleya imodzi, kungaphe mlondayo asanayambe ntchito. Wogula ayang'ane tsiku lothera ndi chizindikiro chakuti mankhwalawo analembetsedwa ku boma, ndipo akafika nawo kunyumba awasunge pozizira.

Ndipo tisafulumire kugawa zolengedwa m'magulu awiri, zabwino ndi zoipa. Olima bowa m'timashedi ta kuseri kwa nyumba ku Harare amaidziwa Trichoderma ndi nkhope ina. Kwa iwo ndi nkhungu yobiriwira ija imene imalowa m'matumba n'kudya ulusi wa bowa wawo, thumba lonse n'kutayidwa. Mitundu ina ya nkhungu yomweyi inawononga kwambiri ulimi wa bowa ku Ireland m'zaka za m'ma 1980 ndi ku North America m'zaka za m'ma 1990. Khalidwe lake ndi lomwelo la kudya nkhungu inzake. Chasintha ndi malo amene yapezeka ndi chimene munthu akufuna kukolola. Zimenezi zimandiphunzitsa kudzichepetsa. Zamoyo za m'nthaka sizinalengedwe kuti zikhale antchito athu. Zili ndi njala yawo ndi nkhondo zawo, ndipo luso la mlimi ndi kudziwa pamene njala yawo ikugwirizana ndi yake.

Nzeru yotumiza chamoyo kukatchinga chamoyo chinzake yafika kale m'minda ya kwathu m'njira zina. Chuku cha m'chimanga ndi mtedza chimachokera ku nkhungu ya m'nthaka yotchedwa Aspergillus flavus, ndipo poizoni wake, aflatoxin, anapha anthu 125 ku Kenya mu 2004. Bungwe lofufuza za ulimi la IITA ndi anzake linasankha m'nthaka ya dziko lililonse mitundu ya nkhungu yomweyo imene situlutsa poizoni, n'kuimata pa njere za mapira zosamera. Mankhwalawa, otchedwa Aflasafe, alipo opangidwira Malawi, Zambia ndi Mozambique. Mlimi amamwaza makilogalamu 10 pa hekitala kutatsala masabata awiri kapena atatu kuti mbewu ichite maluwa, ndipo m'mayeso ambiri poizoni amatsika ndi 80 peresenti kapena kuposa. Palibe chimene chaphedwa apa. Wopanda poizoni wangofika msanga n'kutenga malo. Olima soya nawonso amadziwa inokulanti, timabakiteriya timene timamanga timfundo tabwino pa mizu n'kumakoka chakudya cha mbewu kuchokera mumpweya. Mukapitirira mu msewu womwe uja wa ku Mutare mpaka ku Marondera, ku Grasslands, mupeza malo a boma amene akhala akupanga inokulanti kwa zaka zambiri. Nayonso ikasiyidwa padzuwa imafa.

Dera la Msasa linatenga dzina ku mtengo umene masamba ake atsopano amatuluka ofiira mu Ogasiti ndi Seputembala, mvula isanagwe, ndipo mitengo yotsala ya mtundu umenewu mungaione ku Mukuvisi Woodlands ndi kuzungulira damu la Cleveland. Mtengo umenewu, pamodzi ndi abale ake a m'nkhalango za miombo zimene zafalikira mpaka ku Malawi, ku Zambia ndi ku Niassa, umakula pa nthaka yosauka imene palibe anaithirapo feteleza. Umatha kutero chifukwa nsonga za mizu yake n'zokutidwa ndi nkhungu zimene zimautapira madzi ndi michere kutali kumene muzu sungafike, mtengowo n'kumazibwezera shuga wochokera m'masamba. Bowa wa ndelema, amene anzathu a Chishona amati nhedzi ndipo amagulitsidwa m'mbale m'mphepete mwa misewu m'dzinja, ndi chipatso cha ubale umenewu. N'chifukwa chake bowa ameneyu salimidwa m'shedi, ndipo nkhalango ikadulidwa nayenso amasowa. Zimene tikuyesa kuika m'paketi lero nkhalango yakhala ikuzichita kuyambira kale. Kusiyana kwake n'kwakuti nkhalango imagwetsa masamba chaka chilichonse n'kudyetsa ogwira ntchito ake, ndipo palibe amene amaisamutsa.

Apa n'pamene nkhaniyi imandipweteka. Zonse zimene zimachititsa kuti mankhwala amoyo agwire ntchito zimafuna nthawi. Manyowa ndi kompositi zimene nkhungu yabwino imadya zimaonetsa mphamvu yake yonse pakapita nyengo zingapo. Kasinthasintha wa mbewu, amene amapha mdani ndi njala, amafuna kuti pamene panali matimati papume zaka zingapo popanda matimati, mbatatesi, tsabola kapena mabiringanya. M'mafamu a fodya munda unkagonekedwa zaka zingapo pansi pa udzu wa Katambora kuti nyongolotsi za m'mizu zichepe. Izi n'zotheka kwa amene ali ndi malo aakulu ndipo akudziwa kuti malowo ndi ake. Nanga mayi amene dimba lake ndi masitepe makumi awiri m'litali, ndipo matimati ndiwo amalipira lendi ndi fizi ya ana, asinthire kuti? Nanga amene sakudziwa ngati chaka chamawa adzapeza dimba lake kapena maziko a nyumba ya munthu wina, angathire bwanji ngolo ya manyowa imene phindu lake lidzabwera patsogolo?

Kwa zidzukulu za matchona funso limeneli ndi lakale. Pamene mafamu anagawidwa kuyambira mu 2000, antchito ambiri a m'mafamu anataya ntchito ndi pokhala pomwe, ndipo ochokera kumayiko oyandikana ambiri sanalandire malo, popeza analibe mudzi wa makolo m'dzikomo woti awalembere. Lamulo la unzika la mu 2001 linasiya ambiri a iwo m'malere, mpaka malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anatsegulanso khomo kwa obadwira m'Zimbabwe amene makolo awo anachokera m'mayiko a SADC. Mu 2005 ntchito ya boma yotchedwa Operation Murambatsvina inagwetsa nyumba ndi misika ya anthu osauka m'mizinda. Minda ya m'madambo a Harare yambiri si ya olimawo. Lamulo limaletsa kulima pa mtunda wosakwana mamita 30 kuchokera pa mtsinje, ndipo zaka zina chimanga cha m'malo osaloledwa chakhala chikutchetchedwa chisanakhwime. Lamulolo lili ndi chifukwa chake, pakuti madambo ndiwo amasunga ndi kusefa madzi amene amatsikira ku nyanja ya Chivero, kumene mzinda umamwa. Koma zotsatira zake kwa mlimi n'zakuti amalima ngati wodutsa. Wodutsa amatenga zimene nthaka ingapereke lero, sasungira mawa, ndipo sitingamuimbe mlandu. Matenda a m'nthaka amakula bwino pamene munthu alibe mawa.

Sindikunena kuti wolima pa nthaka yobwereka angopinda manja. Pali zimene zili m'mphamvu yake ngakhale lero. Nazale ndi kamalo kakang'ono, ndipo m'pamene mankhwala amoyo amalimba kwambiri, choncho paketi yaing'ono imene amayi angapo asonkherana ikhoza kuteteza mbande za onse. Dothi la nazale lichokere pamene sipanalimidwe matimati, lisakanizidwe ndi kompositi wopsa bwino. Mabedi akwezedwe kuti madzi asadikhe, njere zifesedwe motalikirana, kuthirira kukhale kwa m'mawa. Mtengo wofota uzulidwe ndi mizu yake n'kuutaya kutali kapena kuuwotcha, osauponya pa mulu wa manyowa. Khasu lochoka pa bedi lodwala litsukidwe. Pa paketi ya mbewu ya matimati, chilembo F chimasonyeza mtundu wopirira ku Fusarium, ndipo N wopirira ku nyongolotsi za m'mizu. Ngakhale m'dimba laling'ono, bedi la matimati likhoza kusinthana ndi la anyezi, la chimanga chachiwisi kapena la repu. Chilichonse mwa izi pachokha n'chochepa. Zikaphatikizana, nkhungu yabwino imapeza poyambira.

Chimene ndatola m'nkhani yonseyi n'chakuti pali mitundu iwiri ya chitetezo. Wina ndi wa kufafaniza: umafulumira, umaoneka ndi maso, ndipo umafuna kubwerezedwa nthawi zonse chifukwa umasiya malo opanda mwini. Wina ndi wa kudzaza malo ndi moyo: umachedwa, sulonjeza kuti mbewu iliyonse ipulumuka, umafuna kudyetsedwa, koma ukakhazikika umadzisamalira wokha pang'ono ndi pang'ono. Mankhwala opha ali ndi nthawi yake, ndipo mlimi amene mbewu zake zikutha sangauzidwe kuti adikire nkhalango. Koma mtima wofuna kuti vuto lililonse lithe ndi kupopera kamodzi ndi umene watifikitsa pa nthaka yotopa ndi yodwala. Mankhwala amoyo amatikakamiza kufunsa funso limene botolo la poizoni silifunsa: kodi amene ndikumuitana kuti anditeteze adya chiyani, ndipo akhala pati?

Funso limeneli silikuthera pa nkhungu. Amene akufuna kuti alimi a m'madimba a Msasa, Epworth, Mabvuku ndi Tafara asiye kudalira mankhwala opha n'kuyamba kusamala moyo wa m'nthaka, kaya ndi alangizi, mabungwe, mipingo kapena akuluakulu a mzinda, asabwere ndi paketi yokha. Abwere ndi mlangizi wodziwa kusiyanitsa kufota kwa nkhungu ndi kwa mabakiteriya. Abwere ndi njira yoti mankhwalawo afike kwa mlimi akadali amoyo, m'timapaketi tamtengo woti mayi wogulitsa masamba angakwanitse. Koposa zonse, apatule malo oyenera kulimidwa, kutali ndi m'mphepete mwa mtsinje, n'kuuza olimawo momveka bwino kuti akhalapo zaka zingati. Munthu akadziwa kuti adzakolola pamene wathira manyowa, amathira popanda womukakamiza. Agogo a anthu amenewa anatha mphamvu zawo akulemeretsa nthaka ya ena. Zidzukulu zawo ziyenera kupatsidwa nthaka yoti ziisamale, pamodzi ndi zaka zokwanira kuti ziione ikuchira.